Rafael Nadal: Mafunso ndi Mayankho pa Zaka Zake pa Bwalo la Tenisi

Pa 19 Novembala 2024, mumzinda wa Málaga ku Spain, Rafael Nadal anasewera tenisi komaliza ngati katswiri wolipidwa, ali ndi zaka 38. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu okonda masewerowa, ngakhalenso amene amangomva dzina lake pa wailesi, amafunsa kawirikawiri za iye.

Kodi Nadal ndi wochokera kuti, ndipo anayamba bwanji tenisi?

Dzina lake lonse ndi Rafael Nadal Parera, ndipo anabadwa pa 3 Juni 1986 m'tauni ya Manacor, pa chilumba cha Mallorca, chimene chili m'nyanja ya Mediterranean kum'mawa kwa Spain. Banja lake linali lodziwika kale pa masewero. Bambo ake aang'ono, a Miguel Ángel Nadal, anali katswiri wa mpira wamiyendo ku timu za Mallorca ndi Barcelona, ndipo anaimira Spain pa World Cup katatu, mu 1994, 1998 ndi 2002. Koma amene anamupatsa raketi m'manja akadali kamwana ndi bambo ake aang'ono ena, a Toni Nadal, omwe ankaphunzitsa tenisi pa kalabu ya m'tauni yomweyo.

A Toni sanali munthu wonyengerera mwana. Akamaliza maphunziro a tsikulo, ana ena ankapita kwawo, koma Rafael ndi amene ankatsala kuti atole mipira ndi kusesa bwalo. Ankamuphunzitsanso pa mabwalo osasalala komanso ndi mipira yakutha, pofuna kuti asazolowere kupeza chonamizira akagonja. Ali ndi zaka 14, bungwe loyendetsa tenisi ku Spain linapempha kuti asamukire ku Barcelona kumene kunali maphunziro apamwamba, koma akubanja anakana, ndipo mnyamatayo anakulira pakhomo. Anayamba kusewera ngati katswiri wolipidwa mu 2001, ndipo mu Epulo 2002, ali ndi zaka 15, anapambana masewero ake oyamba a mumpikisano wa ATP, bungwe loyendetsa tenisi ya akatswiri aamuna, pogonjetsa Ramón Delgado wa ku Paraguay, kwawo komweko ku Mallorca.

N'zoona kuti si wamanzere chibadwire?

N'zoona. Nadal amalemba, amadya ndiponso amasewera gofu ndi dzanja lamanja, koma raketi ankaigwira ndi lamanzere. Ali mwana ankamenya mpira ndi manja awiri mbali zonse, ndipo itafika nthawi yoti asankhe dzanja limodzi, mbali yamanzere ndi imene inaoneka yamphamvu, monganso mpira wamiyendo ankaumenya ndi phazi lamanzere. Anthu ambiri amanena kuti a Toni anachita kumukakamiza kuti akhale wamanzere n'cholinga choti azidzavutitsa adani, koma a Toni eni ake akhala akutsutsa zimenezi.

N'chifukwa chiyani ankatchedwa mfumu ya bwalo la dothi?

Tenisi imaseweredwa pa mabwalo a mitundu itatu: la kapinga monga ku Wimbledon, lolimba ngati konkire monga ku Melbourne ndi New York, ndi la dothi monga ku Paris. Pa mabwalo a dothi Nadal anatenga zikho 63 mwa zikho 92 zimene anapambana pa moyo wake wonse. Ku Monte Carlo anapambana ka 11, ndipo kasanu ndi katatu mwa maulendo amenewa kanali kotsatizana, kuyambira 2005 mpaka 2012. Ku Barcelona anapambana ka 12, ku Rome ka 10. Kuyambira mu Epulo 2005 mpaka mu Meyi 2007 anapambana masewero 81 otsatizana pa dothi, mpaka pamene Roger Federer anamugonjetsa mu ndime yomaliza ku Hamburg.

Komabe dzina la ufumuli analipezera kwenikweni ku Roland Garros, kumene kumachitikira mpikisano wa French Open. Anafika kumeneko koyamba mu 2005, atavala malaya opanda manja ndi kabudula wofika m'munsi mwa mawondo, ndipo pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 19 anagonjetsa Federer mu semifainolo, kenako n'kutenga chikho atagonjetsa Mariano Puerta wa ku Argentina. Kuchokera pamenepo chikhocho anachitenga ka 14: zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2005 mpaka 2008, zisanu kuyambira 2010 mpaka 2014, zinayi kuyambira 2017 mpaka 2020, ndipo komaliza mu 2022. Iye asanabwere, zikho zisanu ndi chimodzi za Björn Borg wa ku Sweden zinkaoneka ngati phiri losakwereka.

Pa masewero 116 amene anasewera mumpikisanowu, anapambana 112 n'kugonja anayi okha, ndipo sanagonjepo mu ndime yomaliza. Amene anamugonjetsa ndi anthu atatu basi: Robin Söderling wa ku Sweden mu 2009, Novak Djokovic mu 2015 ndi mu 2021, ndi Alexander Zverev mu 2024, pamene thupi la Nadal linali litatha kale. Maulendo anayi, mu 2008, 2010, 2017 ndi 2020, anatenga chikho osataya ngakhale seti imodzi (seti ndi chigawo cha masewero, ndipo pa mpikisanowu mwamuna amapambana akatenga maseti atatu mwa asanu), ndipo pa zaka zonsezo ndi masewero atatu okha amene anafika pa seti yachisanu.

Kodi dothi linkamuthandiza motani?

Chimene chimatchedwa dothi ku Roland Garros kwenikweni ndi njerwa zofiira zoperapera, zimene amazimwaza pang'ono pamwamba pa miyala yalaimu yotsendereza. Mpira ukagwa pamenepo umachepa liwiro koma umanjanja kwambiri, choncho munthu wodalira kumenya mpira umodzi wamphamvu kuti atenge pointi amavutika, pakuti mnzake amakhala ndi nthawi youthamangira n'kuubweza. Pa bwalo lotere pointi imatha kutenga maulendo makumi awiri kapena kuposerapo mpira ukupita uku ndi uku, ndipo wopambana amakhala amene ali ndi mpweya, miyendo ndi mtima woleza.

Chida chachikulu cha Nadal chinali kamenyedwe kotchedwa forehand, kumene ndi kumenya mpira ku mbali ya dzanja logwira raketi. Iye ankaukwapula mpira kuchokera pansi kupita m'mwamba mwamphamvu kwambiri, moti raketi inkathera pamwamba pa mutu wake m'malo mothera paphewa monga amachitira ena. Mpira woterewu umapita ukuzungulira, umadutsa pamwamba kwambiri pa ukonde, kenako umagwa mwadzidzidzi mkati mwa mzere n'kudumpha mpaka paphewa pa mdani. Popeza iye ankasewera ndi manzere, mpira umenewu unkalunjika ku backhand ya osewera amanja, ndiko kuti ku mbali yawo yovutirapo. Tiwonjezere kuti ankadziwa kutsetsereka pa dothi pothamangira mpira, luso limene ana a ku Spain amaphunzira akadali aang'ono chifukwa mabwalo ambiri kumeneko ndi a dothi. Koma ziyenera kunenedwa kuti dothi lomwelo analiponda anzake ambiri a ku Spain, monga Sergi Bruguera, Carlos Moyá, Albert Costa ndi Juan Carlos Ferrero, omwe onse anatengapo French Open, ndipo palibe amene anaposa kawiri.

Kodi pa mabwalo ena ankachita bwanji?

Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa dzina loti mfumu ya dothi limabisa zambiri. Mwa zikho zake 22 za mipikisano inayi ikuluikulu yotchedwa Grand Slam, zisanu ndi zitatu sanazitengere pa dothi: Wimbledon mu 2008 ndi 2010, Australian Open mu 2009 ndi 2022, ndi US Open mu 2010, 2013, 2017 ndi 2019. Zikho zisanu ndi zitatu n'zofanana ndi zonse zimene Andre Agassi anatenga pa moyo wake. Pamene anapambana ku New York mu 2010, ali ndi zaka 24, anakhala atatenga mipikisano yonse inayi, ndipo anali nayo kale mendulo ya golide ya pa Olimpiki ya ku Beijing ya mu 2008. Mendulo ina ya golide anaipeza ku Rio de Janeiro mu 2016, posewera awiriawiri ndi mnzake Marc López.

Zimenezi sizinangobwera zokha. Kuti apambane pa kapinga anaphunzira kuima pafupi ndi mzere wakumbuyo ndi kubwera pa ukonde, ndipo US Open ya 2010 isanayambe anasintha kagwiridwe ka raketi poyambitsa mpira kuti sevu yake ikhale yothamanga. Kwa ine, kusintha kosalekeza kumeneku n'kumene kumasonyeza ukulu wake kuposa nambala ya 14 ija, chifukwa munthu amene wapeza kale njira yopambanira samakonda kuisiya.

Panali malo amodzi amene ankamuvuta, omwe ndi mabwalo olimba a m'nyumba zofolera, kumene mpira sunjanja kwambiri. Chikho cha ATP Finals, chimene amalimbirana osewera asanu ndi atatu apamwamba pakutha pa chaka, sanachitengepo, ngakhale kuti anafika mu ndime yomaliza mu 2010 ndi 2013.

N'chifukwa chiyani ndime yomaliza ya Wimbledon ya 2008 imatchulidwa kwambiri?

Federer anali atatenga Wimbledon zaka zisanu zotsatizana, ndipo mu 2006 ndi 2007 anagonjetsa Nadal yemweyo mu ndime yomaliza. Pa 6 Julayi 2008 anakumananso. Nadal anatenga maseti awiri oyamba 6-4, 6-4, ndipo zinkaoneka ngati nkhani yatha, koma mvula inadula masewero, Federer anabwerera pa bwalo ali munthu wina n'kutenga maseti awiri otsatira pa tie-break, kagemu kolekanitsira osewera akafanana 6-6 mu seti, ndipo mu seti yachinayi anapulumuka kawiri pamene Nadal anatsala ndi pointi imodzi kuti atenge chikho. Nthawi imeneyo bwalo lalikulu la Wimbledon linalibe denga kapena magetsi oseweretsa usiku, choncho seti yachisanu inkaseweredwa mdima ukugwa, mpaka Nadal anaitenga 9-7 cha m'ma 9:15 usiku, atasewera maola 4 ndi mphindi 48. Anagwa chagada pa kapinga, kenako anakwera m'mipando ya oonerera kukakumbatira akubanja, n'kudutsa pamwamba pa kadenga kukapereka moni kwa Felipe, yemwe pa nthawiyo anali mwana wa mfumu ya Spain. Mwamuna wa ku Spain amene anatenga Wimbledon komaliza iye asanatero anali Manolo Santana, mu 1966. Mwezi wotsatira, pa 18 Ogasiti, Nadal anakhala nambala wani pa dziko lonse kwa nthawi yoyamba.

Kodi pakati pa iye, Federer ndi Djokovic zinkatha bwanji akakumana?

Ndi Federer anakumana ka 40, ndipo Nadal anapambana ka 24. Ulendo woyamba unali ku Miami mu 2004, pamene mnyamata wa zaka 17 anagonjetsa nambala wani wa dziko lonse 6-3, 6-3. Mpira wodumpha uja unkamuzunza Federer chifukwa backhand yake ankamenya ndi dzanja limodzi, ndipo ku Roland Garros anagonja maulendo onse asanu ndi limodzi amene anakumana, kuphatikizapo ndime yomaliza ya 2008 imene inatha 6-1, 6-3, 6-0. Chakumapeto Federer anapeza mankhwala ake, atatenga raketi yokulirapo n'kuyamba kuumenya mpira usanadumphe kwambiri, moti mwa masewero awo asanu ndi awiri omaliza anapambana asanu ndi amodzi.

Ndi Djokovic anakumana ka 60, Djokovic n'kupambana ka 31, Nadal ka 29. Kuyambira mu Malichi 2011 mpaka mu Januwale 2012 Djokovic anamugonjetsa m'ndime zomaliza zisanu ndi ziwiri zotsatizana, ndipo yotsiriza inali ya ku Australian Open imene inatenga maola 5 ndi mphindi 53, moti pa mwambo wopereka chikho anachita kuwabweretsera mipando chifukwa miyendo inali itakana. Pa mpikisano wa French Open, komabe, Nadal anapambana masewero asanu ndi atatu mwa khumi.

Ubale wake ndi Federer unasanduka ubwenzi weniweni. Pa masewero otsanzikira a Federer ku Laver Cup mumzinda wa London mu Seputembala 2022, awiriwa anasewera mbali imodzi, ndipo atamaliza anakhala pa benchi akulira, atagwirana dzanja.

Kodi vuto la phazi limene limatchulidwa kawirikawiri linali lotani?

Chakumapeto kwa 2005, chaka chimene anatenga zikho 11, madokotala anapeza kuti kafupa kena ka pakati pa phazi lake lamanzere kanali ndi matenda osowa otchedwa Mueller-Weiss, amene amachititsa kuti fupalo lizifooka ndi kupunduka pang'onopang'ono. Matendawa alibe mankhwala ochiritsiratu, ndipo pa nthawiyo panali mantha akuti mnyamata wa zaka 19 asiya tenisi. Anamupangira zoika mu nsapato zapadera zochepetsa kulemera pa fupalo, ndipo anabwerera pa bwalo, koma kusintha kwa kapondedwe kunasamutsira katundu ku mawondo ndi kumsana. Choncho pafupifupi zonse zimene tazitchula pamwambapa, kupatula chikho choyamba cha ku Paris, anazichita ndi phazi lodwala.

Mndandanda wa kuvulala kwake ndi wautali. Mu 2009 mawondo anamulepheretsa kukateteza chikho cha Wimbledon. Mu 2012, atagonja mosayembekezeka kwa Lukáš Rosol ku Wimbledon, anakhala miyezi isanu ndi iwiri osasewera, ndipo Olimpiki ya ku London inamudutsa. Atabwerera mu Febuluwale 2013 anatenga zikho 10 m'chaka chimenecho n'kumaliza ali nambala wani. Mu 2016 anachoka pakati pa mpikisano wa French Open chifukwa cha ululu pamfundo ya dzanja. Zaka za 2015 ndi 2016 zinali zowawa m'njira inanso, pakuti sanafike ngakhale mu semifainolo ya Grand Slam, ndipo iye mwini anavomera poyera kuti ankalowa m'bwalo ali ndi nkhawa imene inkamulepheretsa kulamulira mpweya ndi dzanja lake. Ngakhale zinali choncho, anakhala m'gulu la osewera khumi apamwamba kwa masabata 912 otsatizana, kuyambira mu Epulo 2005 mpaka mu Malichi 2023.

Nanga chinachitika n'chiyani mu 2022?

Mu Ogasiti 2021 anaimitsa masewero chifukwa cha phazi lija, mwezi wotsatira ankayendera ndodo, ndipo mu Disembala anadwala Covid-19. Pamene ankafika ku Melbourne kukasewera Australian Open mu Januwale 2022, iye, Federer ndi Djokovic anali ndi zikho za Grand Slam 20 aliyense. Mu ndime yomaliza Daniil Medvedev wa ku Russia anatenga maseti awiri oyamba, ndipo mu seti yachitatu Nadal anali kumbuyo 2-3 ndiponso 0-40 pa sevu yake, ndiko kuti anatsala ndi pointi imodzi kuti atayenso gemu imeneyo. Anapulumutsa gemu imeneyo, n'kutenga maseti atatu otsala 6-4, 6-4, 7-5, patatha maola 5 ndi mphindi 24, ndipo anakhala mwamuna woyamba kufika pa zikho 21.

Ku Paris chaka chomwecho ankasewera phazi litachita dzanzi, pakuti dokotala wake ankamubaya jekeseni wogonetsa mitsempha masewero asanayambe. Anagonjetsa Félix Auger-Aliassime, yemwe pa nthawiyo ankaphunzitsidwa ndi a Toni omwe aja, kenako Djokovic pa masewero amene anatha itadutsa 1 koloko ya usiku, ndipo mu ndime yomaliza anagonjetsa Casper Ruud wa ku Norway, amene ankachita maphunziro pa sukulu ya tenisi ya Nadal. Patangotha mwezi, ku Wimbledon, mnofu wa pamimba unang'ambika ndipo anachoka asanasewere semifainolo. Chikho cha ku Paris chimenecho chinakhala chomaliza pa moyo wake.

Kodi a Toni anamuphunzitsa mpaka liti?

Mpaka kumapeto kwa 2017. Carlos Moyá, yemwenso ndi wa ku Mallorca ndipo ankamudziwa Nadal kuyambira ali mnyamata, analowa m'gulu la aphunzitsi mu Disembala 2016 n'kukhala mphunzitsi wamkulu a Toni atachoka. Moyá anamulimbikitsa kufupikitsa mapointi ndi kulimbitsa sevu kuti thupi lisamathe msanga.

Kodi kusanja mabotolo ndi zizolowezi zina zinali zamatsenga?

Aliyense amene anamuonerapo amakumbukira mabotolo awiri amene ankawaika patsogolo pa mpando wake, lina kumbuyo kwa linzake, zolemba zake zitayang'ana ku bwalo. Asanayambitse mpira ankakoka kabudula, kukhudza mapewa, mphuno ndi tsitsi la kuseri kwa makutu, ndipo akatenga chikho ankachiluma pojambulitsa. Iye ankafotokoza kuti si matsenga, chifukwa ankachita zomwezo kaya apambane kaya agonje, koma inali njira yokhazikitsira maganizo. Zizolowezizi zinkatenga nthawi, ndipo oimbira masewero ankamuchenjeza kawirikawiri chifukwa chochedwa, zimene adani ake ena ankadandaula nazo, mwina moyenerera. Chizolowezi china chimene sichitchulidwa mokwanira n'chakuti sanaswepo raketi pa bwalo chifukwa cha mkwiyo, pakuti a Toni anamuphunzitsa kuti kutero n'kunyoza anthu amene sangakwanitse kugula raketi.

Kodi panali zimene anthu ankamudzudzula nazo?

Zinalipo. Mu 2016 Roselyne Bachelot, yemwe anakhalapo nduna ya zamasewero ku France, ananena pa wailesi yakanema kuti kupuma kwa Nadal kwa mu 2012 kunali kubisa mlandu wa mankhwala oletsedwa. Nadal anakasuma, ndipo mu Novembala 2017 khoti la ku Paris linapeza mayiyo wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Mu Januwale 2024 ambiri, kuphatikizapo a kwawo ku Spain, anakhumudwa atavomera kukhala kazembe wa bungwe la tenisi la ku Saudi Arabia, poganizira mbiri ya dzikolo pa ufulu wa anthu, makamaka wa amayi.

Kodi anasewerapo mu Africa?

Pa 7 Febuluwale 2020 anasewera ndi Federer masewero achifundo pa Cape Town Stadium ku South Africa, dziko la kwawo kwa mayi ake a Federer, pamaso pa anthu 51,954. Bill Gates ndi Trevor Noah analowa nawo m'bwalo pa masewero a awiriawiri. Ndalama zake zinapita ku bungwe la Roger Federer Foundation, limene limathandiza maphunziro a ana aang'ono m'maiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Kodi anapuma bwanji?

Mu Januwale 2023 anavulala mnofu wa m'chiuno ku Australian Open, mu Juni anachitidwa opaleshoni, ndipo chaka chonsecho chinapita. Mu 2024 anayesetsa kubwerera koma thupi linkangokana. Pa Olimpiki ya ku Paris analandira muuni kuchokera kwa Zinedine Zidane pa mwambo wotsegulira, kenako anagonja kwa Djokovic 6-1, 6-4 pa bwalo lalikulu la ku Roland Garros lotchedwa Philippe-Chatrier, ndipo posewera awiriawiri ndi Carlos Alcaraz anathera mu kotafainolo. Pa 10 Okutobala analengeza kuti apuma ukatha mpikisano wa Davis Cup, chikho cha matimu a maiko chimene anathandiza Spain kutenga posewera m'ndime zomaliza za 2004, 2009, 2011 ndi 2019. Ku Málaga anagonja kwa Botic van de Zandschulp wa ku Netherlands 6-4, 6-4, ndipo Spain inatuluka usiku womwewo. Pa masewero 31 a mmodzimmodzi amene anasewera mu Davis Cup anagonja awiri okha, oyamba a mu 2004 ndi omalizawa.

Panopa akuchita chiyani?

Amakhala kwawo ku Mallorca ndi mkazi wake María Francisca Perelló, amene anakwatirana naye mu Okutobala 2019, pamodzi ndi ana awo. Ku Manacor kuli Rafa Nadal Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 2016, kumene achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana amaphunzira tenisi pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi, ndipo bungwe lake lachifundo lili ndi ntchito ku Spain komanso ku Anantapur m'dziko la India. Amakonda gofu, kupita panyanja ndi boti, komanso timu ya Real Madrid, ngakhale kuti bambo ake aang'ono ankasewerera Barcelona. Pa 25 Meyi 2025 akuluakulu a Roland Garros anamukonzera mwambo womulemekeza, umene Federer, Djokovic ndi Andy Murray anabwerako, ndipo atasesa dothi pafupi ndi mtengo wa ukonde pa bwalo la Philippe-Chatrier panaoneka chikwangwani chokhazikika pansi, chokhala ndi chidindo cha phazi lake, dzina lake ndi nambala 14.